Anankafumbwe ndi Chimanga cha Febuluwale

Anthu a ku Chelstone akamakumbutsana za chaka chija mvula inadula pakati, ambiri amayamba ndi malaiti, mmene ankazimira kuyambira m'mawa mpaka nthawi yogona, kapena mizere ya unga pa msika. Ine ndimayamba ndi kachilombo kochepa kuposa njere ya mpunga, kakuda, ka mlomo wautali. Kwathu timati nankafumbwe. Chilala chinatilanda munda, koma amene analowa m'nyumba kudzalimbirana nafe chakudya chimene chinatsala anali iyeyu.

Pa msewu wathu amandiitana amake Shakira. Makolo anga anachokera ku Machinga, ine ndinabadwira mu Lusaka momwemuno. Mwamuna wanga, Che Amadu, ndi mmisiri wa malata. Amakhoma ndowa, mbaula ndi makeni othirira dimba pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Tili ndi ana aakazi awiri, Shakira amene nthawi imeneyo anali ku pulayimale, ndi Zainabu amene anali asanayambe sukulu.

Novembala

Munda wathu ndi wobwereka, cha ku Chongwe. Chaka chapitacho unali utatipatsa bwino, moti pofika Novembala matumba ena anali adakali osatsegula m'kasitolo kathu. Kasitolo kameneka ndi kachipinda kopanda zenera pafupi ndi khitchini, ndipo m'menemo ndimasungamo zouma zonse: chimanga, nyemba, mtedza, nandolo.

Mvula yoyamba itagwa tinakwera minibasi banja lonse kukadzala. Zainabu ankathira mbewu dzanja lonse m'phando limodzi, mkulu wake n'kumamutsatira m'mbuyo akutola. Chimanga chinamera bwino kwambiri. Pa wayilesi ankanena kuti mvula ya chaka chimenecho ikhoza kuvuta, koma wayilesi imanena zambiri, ndipo munda unali wobiriwira.

Bambo a Shakira ankafuna kuti tigulitse matumba akale aja tigule feteleza wokwanira. Ndinalola limodzi lokha, asanu n'kutsala. Sikuti ndinkadziwa kanthu ayi. Ndine munthu woti ndikaona pansi pa sitolo poyera sindigona bwino.

Febuluwale

Mvula inaleka mu Januwale chimanga chitafika m'chiuno. Poyamba tinkati ndi ng'amba wamba, ya sabata imodzi kapena ziwiri. Febuluwale analowa kumwamba kuli mbee. Masamba a chimanga anapindika n'kuwongoka ngati a anyezi, ngayaye zinatuluka zouma kale. Ku mzikiti anapempherera mvula, ku matchalitchi nakonso chimodzimodzi. Mitambo inkasonkhana masana, mphepo n'kuimwaza dzuwa lisanalowe.

Tsiku lina ndinapita ndekha kumunda nditasenza feteleza, poganiza kuti mwina kumeneko kwawaza. Ndinapisa chala m'nthaka, ndinapeza fumbi lotentha ngati phulusa la m'mbaula. Mayi wa munda woyandikana anali atayamba kale kudula mapesi kupatsa mbuzi zake. Ndinasenzanso feteleza wanga kubwerera naye ku Chelstone.

Epulo

Ramadani inatha, Idi tinadya mosapanga phokoso, kenako tinapita kukakolola. Zonse zinakwana m'thumba limodzi losadzaza. Kondakitala wa minibasi analiyang'ana n'kunena kuti katundu ameneyo salipiritsa.

Unga unayamba kukwera mtengo sabata ndi sabata. Anthu amene ankagula thumba lathunthu anayamba kugula timapepala ta pamela, tokwana mphika umodzi. Mphekesera zinali mbwee: ena ankati unga ukuwoloka malire usiku, ena ankati kukubwera chimanga chachikasu chakunja, ena ankati unga wina wapha agalu m'mayadi a anthu. Ogula chimanga ankayenda khomo ndi khomo, ndipo aneba ambiri amene anali ndi matumba anagulitsa chifukwa mtengo unali wokoma. Mmodzi anafika pathu katatu. Ulendo wachitatu sindinamutsegulire geti.

Tinagwirizana ndi bambo a Shakira kuti malinga ndowa zikugulidwa, tizidya unga wogula. Malaiti akazima madzi nawonso ankasiya kutuluka, choncho nyumba iliyonse inkafuna ndowa ndi mbaula. Matumba asanu aja anali a miyezi yoipa, ya kutsogolo.

Julayi

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala Bana Mwape, mayi wa ku Luapula, wopemphera ku tchalitchi, amene amaphika m'nyumba ina ku Kabulonga. Amakhala chipinda chimodzi ndi mwana wake wamkazi, Mwape, mnzake wa Shakira. Tsiku lina m'nyengo yozizira anafika ndi kathumba ka mpunga wautali, wa m'masitolo aakulu.

"Muli shani, amake Shakira? Ba madamu bataya uyu mupunga, ati muli tudoyo. Ni wabwino chabe, mupepete."

Ndinapeta kuchotsa tizilomboto, ndinaphikako, ana anasangalala. Wotsala ndinauika pa shelufu m'kasitolo.

Patapita masabata angapo ndinalowa m'kasitolo masana kukatenga nyemba. Malaiti anali atazima, wayilesi ili chete, ndipo ndinamva kaphokoso kakang'ono ngati mvula yowaza pa udzu wouma. Ndinagwira thumba la chimanga, linali lofunda ngati munthu wagonapo. Pansi pake panali ufa woyera. Nditamasula n'kupisa dzanja, ndinalitulutsa lili ndi tizilombo tikukwera mpaka pa chigongono. Ndinatenga njere imodzi n'kuifinya, inaphwanyika ngati chigoba cha dzira. Matumba onse asanu anali atalowedwa, nyemba nazo zili mabowo okhaokha.

Ndinakhala pansi pakhomo la kasitolo kwa kanthawi. Misozi siinabwere. Chimene chinabwera ndi mkwiyo, woti dzuwa latilanda munda umodzi ndipo tsopano kanthu kosaoneka n'komwe kakufuna kutilanda wachiwiri tili m'nyumba.

Bambo a Shakira anati ndi mpunga wa ku Kabulonga uja, ndipo analeka kupereka moni kwa Bana Mwape. Mwina unali mpungawo, mwinanso tizilombo tinabwera ndi thumba losadzaza la kumunda lija, palibe anadziwa. Ndinawauza kuti kukwiyira mayi wa eni sikupha nankafumbwe ngakhale mmodzi, ndipo ndikufuna manja awo mawa m'mawa potulutsa matumba.

Ogasiti

Mwezi wonsewo ntchito yanga inali imodzi. Dzuwa likatuluka tinkakhuthula chimanga pa tenti pabwalo, n'kuchiyala chopyapyala. Chikatentha, anankafumbwe ankatuluka kuthawira ku mthunzi, ine n'kumawasesa kuwathira pa makala. Ndinkasefa, kupeta, kusankha njere zamabowo kuziika padera. Madzulo tinkabwezera m'matumba. Kasitolo ndinakatsuka ndi madzi otentha, ming'alu yonse n'kuimata. Ndinasakaniza phulusa monga ankachitira amayi anga. Msana unkapweteka, m'mphuno muli fumbi lokhalokha.

Pakatha sabata ndinkawapezanso. Mazira awo amakhala m'kati mwa njere momwe dzuwa ndi sefa sizifika, ndipo tsiku lililonse ena ankaswa. Furiji ikanathandiza pa nyemba, koma posowa malaiti inali itasanduka kabati. Mankhwala a ufa othira m'chimanga anali atakwera mtengo, ndipo anthu ankati ambiri amene ali pa msika ndi choko chabe.

Bana Mwape naye anali ndi matumba awiri amene anagula ndi malipiro ake, ndipo nawo anafumbwa. Iye anagula mapiritsi kwa munthu wina woyala pansi pafupi ndi City Market. Anandionetsa pa mpanda, otuwa, ali m'kachitini. Wogulitsayo anamuuza kuti aike limodzi m'thumba lililonse, zonse zifa. Bambo a Shakira atamva anati nafenso tikagule kumapeto kwa sabata, tatopa n'kuyanika.

Sitinafike kumapeto kwa sabata. Lachisanu m'mawa Bana Mwape anagogoda pa geti ali pekupeku, iye mwini akudzandira. Mwape ankasanza, akupuma movutika, milomo itasintha mtundu. M'chipinda mwawo munkanunkha ngati adyo wowola. Matumba aja anali pafupi ndi mphasa imene mwanayo ankagonapo. Bambo a Shakira anabereka mwanayo kumsana n'kuthamanga naye mpaka pa msewu waukulu kukaimitsa galimoto.

Kuchipatala namwino anati mapiritsi amenewo amatulutsa mpweya wakupha, ndipo saikidwa m'nyumba yogona anthu. Mwape anagonekedwa masiku angapo, anachira. Titabwerera kunyumba, bambo a Shakira anangoti mankhwala amenewo m'nyumba mwathu salowa, ndipo madzulo ake anatuma Shakira kukapereka makala kwa Bana Mwape.

Sepitembala

Njira ndinaipeza mwangozi. Mu Julayi muja, posowa poika, ndinali nditathira nandolo m'chigubu cha mafuta ophikira, kudzaza mpaka pakamwa, n'kutseka mwamphamvu. Ndinachiiwala kuseri kwa chitseko. Nditachitsegula mu Sepitembala, anankafumbwe onse anali akufa, nandolo ali bwinobwino.

Ndinakwera minibasi kupita m'tauni ku sitolo ya zaulimi ndi chigubu changa m'manja. Mayi wogulitsa anati n'zoona, kachilomboka kakasowa mpweya kamafa pamodzi ndi mazira ake. Anati pali matumba apadera osalowa mpweya koma anali atatha, ndipo sankadziwa kuti abwera liti. Anandiuzanso za nkhokwe zamalata zimene alimi ena amagwiritsa ntchito: umathira chimanga chouma bwino, kuyatsa kandulo pamwamba pake, kutseka, kandulo n'kumaliza mpweya wotsala. Chofunika n'chakuti pasakhale ngakhale kabowo ka singano.

Pobwerera ndinkangoganiza za malata atsopano amene bambo a Shakira anali atangogula, ataimikidwa pa mtengo wa mango. Nditawauza, anaika nyundo pansi.

"Amake Shakira, malata amenewa ndi ndowa. Ndowazo ndiye unga wa mwezi uno ndi wa mawa."

"Ndamva. Nanga wa Febuluwale uli kuti?"

Anati Mulungu adzaona. Ndinayankha kuti Mulungu waona kale, watipatsa matumba asanu ndi mmisiri m'nyumba. Anadzuka n'kupita ku mzikiti nthawi isanakwane. Masiku awiri sitinaikambenso nkhaniyo, koma m'mawa uliwonse ndinkayala tenti yanga pafupi ndi pamene amagwirira ntchito, kuti aziona okha mulu wa njere zamabowo ukukula. Tsiku lachitatu ndinamva nyundo ikulira mosiyana ndi kulira kwa ndowa.

Anakhoma chidebe chachikulu chofika m'chifuwa mwanga, cha chivundikiro chothina. Mizere yonse anaimata ndi chitsulo chosungunula chija amamatira ndowa, akutenthetsa pa makala chifukwa malaiti kunalibe. Atamaliza anaikamo nsanza zofuka n'kutseka, ife tonse n'kumazungulira kufunafuna potulukira utsi. Zainabu ndiye anapeza malo awiri, chifukwa maso ake anali pafupi ndi pansi. Anamatanso, tinayesanso, utsi sunatuluke.

Tinayanika chimanga komaliza n'kusankha njere imodziimodzi, Bana Mwape ndi ana akuthandiza. Pa matumba asanu, chabwino chinakwana ngati atatu. Chimenecho tinathira m'chidebe m'kasitolo, ndinaika kandulo yoyaka m'kambale pamwamba, bambo a Shakira anatseka n'kukulunga pakamwa ndi mphira za chubu mpaka manja kuwawa. Ndinaitana ana n'kuwauza kuti ichi ndi chimanga cha Febuluwale, wina aliyense asachikhudze.

Chofumbwa chija tinapita nacho ku chigayo. Unga wake unali wotuwa, wa fungo la nkhungu, wowawira kukhosi. Tinadya womwewo Okutobala yense ndi Novembala, dzuwa likuswa mtengo.

Disembala

Mvula inabwera, ndipo tinadzalanso ndi mbewu yochepa imene tinakwanitsa kugula. Sabata yomweyo tinalandira foni yoti tikachingamire apongozi anga ku siteji ya mabasi ya Intercity. Abiti Sumani, amayi a mwamuna wanga, ankakhala ku Katete ndi adzukulu awiri aakazi, ana a mlamu wanga amene anamwalira. Ndi mayi wamtali, wolankhula mosazungulira, amene moyo wake wonse sanapemphepo chakudya pakhomo la munthu. Anatsika basi ndi adzukuluwo, mtolo wa zovala ndi miphika iwiri yopanda kanthu. Ana aja anali ataonda moti madiresi ankangolendewera.

M'nyumba tinakhala anthu asanu ndi awiri. Unga wowawa uja unatha mwezi usanathe. Ndowa zinasiya kuyenda, chifukwa aliyense kandalama kake kankapita ku chakudya. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, madzulo, ana n'kumapatsidwa phala lamadzimadzi m'mawa. Mango a mtengo wathu tinkawaphika osapsa. Kukamveka kuti thiraki ya unga wotchipa ibwera pa msika, ndinkakaima pa mzere kuyambira mbandakucha, ndipo kawiri konse unga unathera anthu ochepa patsogolo panga.

Apongozi anafunsa za chidebe tsiku lachiwiri atafika. Nditawafotokozera anangoti "Hmm," n'kuchigogoda ndi chala.

Januwale

Uwu ndiye unali mwezi wovuta. Kumunda chimanga chinali chokongola, mvula ikugwa bwino, koma munthu sadya masamba a chimanga. Ndinkapita kukapalira m'mimba muli madzi okha, ndipo ndikawerama nthawi yaitali m'maso munkachita mdima.

Chimene sindinkauza munthu n'chakuti inenso sindinkadziwa za m'chidebemo. Malata saonetsa za m'kati. Nthawi zina ndinkatsamiritsa khutu kumvetsera kaphokoso kaja, osamva kanthu, komabe mtima osakhazikika. Ngati munali kabowo kamene utsi sunatisonyeze, ndiye kuti ndinkagoneka ana ndi njala ndikulondera fumbi. Koma ndinkadziwanso kuti tikatsegula mu Januwale, pakamwa pasanu ndi pawiri, ndi abale athu okhala ku Kabwata amene anali atayamba kale kufunsa, chimanga chidzatha Febuluwale ali pakati, mondokwa usanakhwime. Pamenepo sipadzakhalanso mango, kapena chogulitsa, kapena kopempha.

Tsiku lina ndinabwera kuchokera kumunda masana ndili matope okhaokha. Ndinapeza chitseko cha kasitolo chili chotsegula, apongozi ataima pa chidebe ndi mpeni, atadula kale mphira imodzi. Mwana wawo, bambo a Shakira, anali ataima kumbuyo kwawo, maso ali pansi. Ana anayi onse anali pakhomo.

Ndinadutsa pakati pawo, ndinagwada, n'kuika manja onse awiri pa chivundikiro.

"Chotsani manja, amake Shakira," anatero apongozi. "Kamwana aka kagwa pa mpopi lero chifukwa cha chizungulire. Ana akugona ndi njala chimanga chili m'nyumba. Kwathu zimenezo kulibe."

"Amayi, ndikudziwa. Inenso ndikuwaona."

"Ndiye mukusungira ndani? Maliro?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinayang'ana kamdzukulu kaja, kali ndi chotupa pamphumi. Koma ndinati, "Amayi, lero tili ndi mango ndi masamba, ndipo mawa ndikapeza pamela. Mu Febuluwale simudzakhala chilichonse. Mundinyoze, mundimenye ngati mukufuna, koma ichi ndi cha Febuluwale."

Anatembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa ngati m'nyumba muno mwamuna alimo. Bambo a Shakira anatambasula dzanja n'kutenga mpeni m'manja mwa amayi awo, mwaulemu, n'kunena kuti chidebecho anakhoma ndi iwo ndipo akufuna kuona ngati chinagwira ntchito, koma tsiku lake likafika. Anatuluka kukafuna mphira ina.

Madzulo amenewo apongozi anakana kudya. Gawo lawo anagawira ana, n'kunena kuti mawa abwerera ku Katete kukafera kwawo. M'mawa mwake anavaladi nsalu yawo yabwino n'kutuluka osatsanzika. Tinawafunafuna mpaka ku siteji ya minibasi. Anabwera dzuwa litapendeka, nsalu ili mbuu, atasenza kathumba ka madeya. Anali atapita ku chigayo cha pa msika kukapempha ntchito yopeta ndi kusesa, malipiro ake madeya ndi unga wogwera pansi. Anaika kathumbako patsogolo panga osandiyang'ana.

"Sefani. Ngati ndi Febuluwale, tifika naye."

Kuyambira tsiku limenelo ankapita ku chigayo m'mawa uliwonse malaiti akakhalapo, ndipo akazima ankayenda m'mphepete mwa mipanda kuthyola bonongwe ndi chisoso. Ndi ine ankalankhula zofunika zokha.

Chakumapeto kwa mwezi Bana Mwape anandiitana pa mpanda. Kwawo ku Luapula mvula siinavute kwenikweni, ndipo mchemwali wake anali atatumiza thumba la chinangwa chouma pa basi. Anandipempha kuti ndimuperekeze ku Intercity tikathandizane kunyamula. Titafika nalo kunyumba analithira pa tenti yanga n'kuligawa pakati ndi dzanja.

"Iyi ni yanu. Ba Amadu banapapa mwana wanga pamusana, ine siningaibale."

Ana anga anali asanadyepo nsima ya chinangwa, ndipo Zainabu anadandaula kuti ikumata m'manja. Anaimaliza yonse.

Febuluwale

Tinatsegula tsiku loyamba la mwezi, m'mawa, bambo a Shakira atabwera kokapemphera. Sindinaitane munthu, koma onse anabwera okha, ndi Bana Mwape yemwe. Mphira zinali zitamatirira, anachita kuzidula. Chivundikiro chitatseguka ndinabwerera m'mbuyo. Sindinafune kukhala woyamba kuona.

Munatuluka fungo la chimanga, lomwe lija la m'nkhokwe. Kambale ka kandulo kanali pomwe ndinakaika, kandulo itazima isanafike ndi pakati pomwe. Pamwamba pa chimanga panali timadontho takuda tambirimbiri, anankafumbwe amene anaswa titatseka kale. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankayenda.

Apongozi ndiwo anapisa dzanja, mozama mpaka paphewa, n'kutulutsa njere za pansi. Anaziyang'ana pa kuwala kwa pakhomo. Anaika imodzi pa mano n'kuluma, ndipo tonse tinamva kulira kwake, kwa njere yolimba.

"Chilipo," anatero.

Apa ndiye ndinalira, nditakhala pansi pomwe ndinakhala mu Julayi muja, ana akundiyang'ana modabwa chifukwa nkhani inali yabwino.

Mwezi umenewo unali monga ndinkaopera. Mango anatha, chinangwa chinatha, mtengo wa unga unafika poti anthu ankagawana pamela mmodzi mabanja awiri. Pa msewu wathu ena anagulitsa mabedi, ena anatumiza ana kwa abale, banja lina linasamuka osatsanzika. Ife tinkatapa pang'onopang'ono n'kutsekanso. Apongozi ndiwo ankapita nacho ku chigayo, ndipo ankaima pomwepo mpaka kambewu komaliza katsike. Tinayambanso kudya kawiri. Bana Mwape ankalandira gawo lake sabata iliyonse, abale a ku Kabwata nawo tinawapatsako kawiri. Chidebe chinayamba kulira ngati ng'oma chapakati pa Malichi, ndipo sabata imene ndinakokota pansi pake ndi mbale, ndinabwera kuchokera kumunda ndi maungu ndi mondokwa woyamba.

Meyi

Tinakolola bwino chaka chimenecho, moti tinachita kubwereka kagalimoto. Sindinalole thumba ngakhale limodzi kulowa m'kasitolo lisanaume n'kusankhidwa. Bambo a Shakira anali atayamba kukhoma zidebe zina, chifukwa amayi a pa msewu wathu ankabwera kudzaona chathu n'kumafunsa mtengo.

Apongozi anati nthawi yakwana yoti abwerere ku Katete, akakonze nyumba ndi munda. Adzukulu anali atabwerera m'thupi, masaya ataoneka. Tinawaperekeza ku Intercity ndi thumba la chimanga chatsopano. Anyamata a mabasi ankatikokera uku ndi uku, koma apongozi anasankha okha basi yawo, anakangana ndi wonyamula katundu mpaka thumba linaikidwa pomwe iwo ankafuna, kenako anakwera n'kukhala pa zenera.

Chiyambire tsiku la mpeni lija anali asananene chilichonse za nkhaniyo, ndipo ine sindinkayembekezera kuti anena. Basi italiza injini anagogoda galasi n'kulitsegula, n'kuitana mwana wawo.

"Amadu, undikhomere changa. Chachikulu kuposa chanucho."

Bambo a Shakira anavomera, n'kunena kuti adzabwera nacho okha mwezi wamawa, adzathiremo chimanga n'kuwatsekera.

"Iwe ukhome basi," anatero apongozi. "Kudzatseka abwere amake Shakira. Iwe ndi ine tikhoza kutsegula mu Januwale."

Anatseka galasi, basi inanyamuka.